Dazi la Dona

1

Munthu amene amadyera tsitsi la anzake sayenera kusunga mbalame ya dazi pakhonde pake. Ine ndili ndi saluni kumaso kwa nyumba yathu, ndipo mbalame yoteroyo ndinaisunga. Nkhani yake yafala kale mumsewu wathu, aliyense akuithira mchere wake, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Mbalamezo zinali ziwiri, za malemu mayi anga. Ndi tizinkhwe tating'ono ta tsumba pamutu, masaya ofiira ngati tadzola, timene amati kokatiyelo. Yaimuna, yotuwa, mayi anaitcha Kapitawo chifukwa imakonda kuyenda uku ndi uku pakamtengo kake ngati ikuyang'anira antchito. Yaikazi, yachikasu, inali Dona. Mayi atatisiya, mbalamezo zinatsala ndi bambo. Kenako bambo anadzagwa m'bafa magazi atathamanga, ndipo ine ndinapita kukawanyamula, iwowo, masutikesi awo ndi khola la mbalame lomwe.

Adokotala anati bambo achira bwinobwino, angosamala. Pa zonse zimene ananena ine ndinatolapo mawu oti kusamalawo, ndipo ndinawagwira ndi manja awiri. Bambo anga moyo wawo wonse ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, koma galimoto yawo ndinakaitsekera kugalaja ya amuna anga, makiyi n'kuwabisa m'katoni ya mawigi. Mchere ndinauchotsa patebulo. Loko wa kubafa ndinazulitsa. Akangotsokomola ndinkasiya mutu wa kasitomala uli thovu lokhalokha n'kuthamanga ndi kamakina koyezera magazi.

"Abwana, ndingakakhaleko pakhonde?" ankandifunsa motero, nkhope ili phee.

"Valani juzi kaye."

"Kunjaku kuli dzuwa loswa mtengo."

"Chimfine sichidziwa zimenezo, Bambo."

Amuna anga ndi makaniko, munthu wosachuluka zonena. Ankangoti, "Amayi, madalawa ndi munthu wamkulu." Ine ndinkawayankha kuti makolo awo onse ali moyo, ndiye asandiphunzitse za mantha. Mayi anali atandipulumuka ndikuona, ndipo ndinali nditalumbira mumtima kuti bambo okha sandipulumuka.

2

Dazi linayamba laling'ono ngati chikhadabo, kumbuyo kwa tsumba la Dona. Posakhalitsa linatsikira kunkhongo, khungu lili pamtunda, nthenga zachikasu zili mbwee pansi pa khola. Tsoka lake, makasitomala anga podikira amakhala pakhonde pomwepo.

"Mafuta omeretsa tsitsi mumatigulitsa aja, mwayesapo pa mbalameyi?" anafunsa mayi wina wogulitsa nsapato, amene pakamwa pake sipatsekeka.

Anzake anaseka mpaka kugwirana. Ine zinandilowa, moti madzulo ake ndinatengadi botolo la mafutawo kupita nalo kukhola. Bambo anandilanda botololo, ndipo liwiro limene anadzukira pampando linandidabwitsa.

Mayi wa nsapato yemweyo ndiye anatiuza za munthu wina kuseri kwa msika, wamasiye, amene amaweta mbalame ndi kugulitsa makola ndi zakudya zake. Anati aliyense amangowatcha Mayi a Mbalame.

"Ndipita nazo ndine," anatero bambo.

"Mupita bwanji? Mukakagwa m'njira?"

"Ndiwasiya ndine popita kugalaja, ndikawatenganso," anatero amuna anga.

Ndinalola chifukwa Dona anali wa mayi. Ndinawaveka juzi, n'kuwalongedzera mankhwala ndi botolo la madzi ngati mwana wopita kumkaka.

Anabwerako ndi khola lachiwiri. Analiika patebulo n'kundifotokozera mofatsa, ngati mmene ankafotokozera ophunzira awo za magiya.

"Akuti Dona sakudwala. Taona pamene pali dazipa, pamutu ndi kunkhongo, malo amene mlomo wake sungafike. Ndiye kuti akumusosola ndi Kapitawo. Amayamba bwino, kumukonzakonza nthenga monga zichitira mbalame zokondana, koma sadziwa polekezera. Mkaziyo akalira n'kusuntha, iye amamutsatira kuti akamukonzenso."

"Ndiye tigulitse Kapitawoyo?"

"Ayi, akuti zikasiyana zikhoza kufa ndi chisoni. Tizigoneke m'makola awiri oyandikana, zizionana, zizicheza, koma mlomo usamafike."

Atatero anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine ndinawayang'ananso, kenako ndinafunsa ngati amwa mankhwala a masana.

Anapuma mozama. "Ndamwa, Abwana. Akutinso ndizipita nazo Lachinayi lililonse, aziona mmene nthenga zikumerera."

3

Lachinayi linasanduka tsiku lalikulu m'nyumba mwathu. Bambo ankasita okha malaya, kupolisha nsapato, kumeta ndevu, n'kudzithira mafuta onunkhira a amuna anga mpaka m'khitchini monse kumveka. Ankanyamula makola onse awiri.

"Wodwala ndi Dona. Kapitawo akupitiranji?"

"Kuperekeza mkazi wake. Walakwa ndi iyeyo, azikamva yekha zimene akunena."

Poyamba zinthu zinayenda. Padazi paja panatuluka timinga toyera, nthenga zatsopano zikubwera, ndipo ndinaitana makasitomala onse kuti adzaone. Koma Lachinayi lina Dona anabwerako dazi lili see, losalala kuposa kale.

"Akuti zimatero," anatero bambo akuyang'ana kudenga. "Zoyambazo zimathothoka kaye."

Miyezi inapita, dazi osasintha. Kenako Dona anayamba zachilendo. Chibadwire chake ankangolira kamodzikamodzi, koma tsopano ankaimba likhweru lanyimbo zenizeni, akumagogoda mlomo pakamtengo ngati kalipentala. Kapitawo, amene kale sankadya mkazi wake asanadye, anayamba kumufulatira. Dona akamuyandikira pawaya, iye ankamukalipira, kenako n'kumakhalira kuitana kuwindo tsiku lonse. Koma akangoona bambo akutulutsa ayironi, ankadumphadumpha m'khola ngati wapenga.

"Banja ili latha," anatero mayi wa nsapato. "Mwamuna akayamba kukondwera ndi ulendo kuposa pakhomo, dziwani kuti kwinako kuli nkhani."

Tinaseka tonse, ine kuposa aliyense.

Bambo nawo anasintha. Masaya anadzaza, ankaimba m'bafa, ndipo kamakina kanga kanayamba kuonetsa manambala abwino. Tsiku lina patebulo ndinanena monyadira kuti zonsezi ndi zipatso za ndiwo zopanda mchere. Amuna anga anatsamwa ndi tiyi mpaka anatuluka panja, ndipo ndinawatsatira ndi madzi osadziwa kuti akuseka.

4

Dazi lija linandisowetsa mtendere. Ndinkaona ngati ndikulephera kusamala chinthu chomaliza chimene mayi anasiya chikupuma. Ndiye Lolemba lina masana, bambo atagona tulo tawo ta mankhwala, ndinakulunga khola la Dona m'nsalu n'kupita nalo kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo anaitulutsa mbalameyo, anaitembenuza, anaiuzira mpweya pamutu, n'kuyang'ana khungu ndi katochi.

"Mayi, mbalameyi ilibe vuto. Zachikasuzi zina zimabadwa ndi dazi kumbuyo kwa tsumba. Ndi la kumtundu, silimera. Palibe amene wazulapo nthenga apa."

"Ayi adokotala, inali ndi nthenga. Mwamuna wake ndiye anaisosola."

"Mwamuna wake?"

Dokotalayo anaimba kalikhweru pang'ono. Dona anatukula mapewa, anayankha ndi nyimbo yonse mpaka kumapeto, n'kumaliza ndi kugogoda patebulo la dokotala.

"Kaimbidwe aka ndi kugogoda uku n'zaamuna," anatero dokotala.

"Koma mayi anga ali moyo inkaikira mazira. Ndinawaona ndi maso angawa."

"Imene inkaikira mazirayo ndi ina, mayi. Si iyi."

Ndinanyamula khola n'kutuluka. Pofika pamsewu nkhani yonse ndinali nditaimanga kale m'mutu. Mayi a Mbalame aja anaona nkhalamba ya maso ofooka, anaibera mbalame yaikazi yoti iziwaswera ana, n'kuipatsa chimphongo chadazi kuti izingoyendera pachabe. Mtima unandiwira. Bambo sindinawauze, kuopa kuti magazi angathamange. Amuna anganso sindinawauze, chifukwa akanandiuza kuti ndifatse, ndipo ine kufatsa sindinkakufuna. Ndinauza makasitomala okha.

5

Lachinayi bambo atanyamuka ndi makola awo, ndinayesa kugwira ntchito koma manja ankakana. Mayi wa nsapato ndinali nditamuluka mbali imodzi yokha ya mutu pamene ndinaponya chipeso pansi.

"Ndikupita konko."

"Simupita nokha," anatero iye akudzuka, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Mayi wina amene anali mudiraya anatuluka ndi marola ake kumutu, nati nkhani ngati iyi samvera kwa anthu. Tinadzazana mutakisi.

Tinapeza kashopu ka utoto wobiriwira, makola atapachikidwa pakhomo, pambali pali geti lolowera kuseri. Chimene chinandiimitsa mutu ndi galimoto imene inaima pagetipo. Inali ya bambo anga, yotsukidwa bwino, ija ndinkadziwa kuti ili pamiyala kugalaja. Ndinaganiza kuti mayiyo wawalandanso galimoto.

Ndinaima pakati pa msewu, manja m'chiuno.

"Mayi wakuba mbalame za anthu akufa, tulukani tionane!"

Mawindo anatseguka. Telala wa pafupi anasiya makina ake, ogulitsa zipatso anasendera, ndipo anzanga awiri aja anaima kumbuyo kwanga ngati apolisi. Ndinanena zonse, za Dona, za chimphongo chadazi, za kupusitsa nkhalamba yodwala, za galimoto. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndi chimene chimandipweteka.

Geti linatseguka. Anatuluka mayi wachikulire wonenepa bwino, imvi zometedwa mwaukhondo, epuloni ili ndi mankhusu a mapira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo m'malo mokwiya nkhope yawo inawala.

"Ndinu mwana wawo uja eti? Mphuno ndi yomweyo. Lowani, mwanawe, tiyi ali pamoto."

Ndinalowa chifukwa sindinadziwe chochita china. Anzanga analowanso, ndi theka la msewu.

Kuseri kunali bwalo la mthunzi, mbalame zikulira mbali zonse. Choyamba kuona chinali Dona weniweni, tsumba lili njo, nkhongo yodzaza nthenga, wonenepa ngati mkazi wa bwana. Khola la Kapitawo linali pambali pake, mwini wakeyo akumuimbira mpaka kutsala pang'ono kugwa pakamtengo. Chachiwiri anali amuna anga, atakhala pampando ndi kapu m'manja, akuyesetsa kubisala kuseri kwa kapuyo.

Chachitatu ndinachimva ndisanachione. Kunali kugogoda kwa hamala, kuchokera m'mwamba. Bambo anga, amene kwathu sindinkawalola kusintha babu, anali pamwamba pa makwerero, malaya atapinda, misomali ili kukamwa, akukhomera waya pachikhola chachikulu ngati chipinda.

6

"Bambo, tsikani," ndinatero ndi mawu ang'onoang'ono.

Anamaliza kaye msomali umene anauyamba. Kenako anatsika pang'onopang'ono, analavulira misomali m'dzanja, n'kuyang'ana khamu limene ndinabwera nalo.

"Abwana mwabwera ndi gulu lankhondo."

"Mayi awa anakuberani Dona."

"Sanabe. Ndinasinthanitsa ndine. Iwowa anakana, ndinachita kuwagwadira." Analoza chimphongo chadazi chija, chimene chinali pakona chikudzikonza nthenga mosalabadira. "Uyo ndi Pulofesa, wa kuno. Anabadwa choncho. Ndinkangomubwereka."

"Chifukwa chiyani?"

"Dona anachira msanga, mwana wanga. Ukanaona nthenga zitamera, ukanati ulendo wa Lachinayi watha. Ndiye ndinafuna dazi losapola."

Mayi wa marola anaphulika kuseka, anzake n'kumutsina. Ine ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Inu mumadziwa?"

"Makiyi ndinawapeza ndikufuna katoni yoikamo mabawuti," anatero akuyang'ana m'kapu. "Timati tikakhota pakona, galimoto yawo imakhala ikudikira. Adokotala awo analola kalekale. Amayendetsa bwino kuposa ine."

Ndinakhala pansi pa thumba la mapira. Mayi a Mbalame anandipatsa tiyi, ndipo ndinalandira, ine yemwe ndinali nditangowatcha wakuba pamaso pa msewu wawo wonse.

"Nanga chikhola ichi n'cha ndani?" ndinafunsa, kungofuna chonena.

"Cha Dona ndi Kapitawo," anatero bambo. "Muli malo okwanira, pakati pali chitseko. Kapitawo akayambanso zake, timatseka. Zikusamukira kuno." Anapukuta manja pathalauza, kenako anagwira dzanja la mayi aja. "Inenso ndikusamukira kuno. Ndinawafunsira, ndipo anandilola."

Ndinaganiza za mayi anga, za chipinda chimene ndinawakonzera bambo, za usiku wonse umene ndinkadzuka kukamvetsera pachitseko ngati akupuma.

"Ndinakulakwirani chiyani, Bambo?"

Anabwera kudzakhala pathumba lomwelo, tinapanikizana.

"Palibe. Unandisamala kuposa mmene mwana aliyense angachitire. Koma ine sindinafe m'bafa muja, mwana wanga, ndinangogwa. M'nyumba mwako ndinkadzuka m'mawa n'kusowa chimene ndadzukira. Kuno ndinafika tsiku loyamba, mayiwa n'kundipatsa hamala kuti ndiwakonzere chitseko, osandifunsa n'komwe ngati ndingathe."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa, tsiku lija ndinabwera ndi khola lachiwiri. Unandifunsa za mankhwala." Anaseka pang'ono, maso ali ndi misozi. "Ine ndakhala pambali pa anthu osadziwa kuti buleki ndi iti, pamsewu waukulu, osagunda mtima. Koma iwe ndimakuopa."

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, pamaso pa telala ndi ogulitsa zipatso. Bambo anandisisita pamsana mpaka ndinatonthola. Mayi a Mbalame anayembekeza, kenako anati, "Malemu mayi anu sindidzawalowa m'malo, ndipo sindikufuna kutero. Koma mbalame yawo ndaisamala, mwaiona nokha."

Ndinadzuka, ndinawagwira dzanja, n'kutuluka nawo pageti. Ndinaima pamalo omwe aja pakati pa msewu, ndipo ndinapepesa ndi mawu okwera mofanana ndi amene ndinatukwanira. Ndinanena kuti mayiwa si wakuba, kuti wabodza ndi bambo anga, ndipo wopusa ndine. Anthu anaomba m'manja. Pamenepo mayi wa nsapato anandikoka chovala n'kufunsa kuti mbali yotsala ya mutu wake aimaliza ndani.

7

Anakwatirana mwakachetechete, ndipo mutu wa mkwatibwi ndinaukonza ndine. Imvi zake anakana kuti ndizidaye, ndipo ndinamvera, chinthu chimene amuna anga akuti chiyenera kulembedwa penapake.

Posamuka bambo anandiikira lamulo limodzi. Anati foni aziyimba ndi iwo, m'mawa uliwonse, ine ndisamayambe. Ndinavomera ndikudziwa kuti zindivuta, ndipo zinandivutadi. Komabe ankasunga pangano. Ndikamatsegula saluni foni inkalira, n'kumva, "Abwana, tadzuka," kenako nkhani za mbalame zimene zaswa ndi za kasitomala amene amafuna chinkhwe cholankhula zinenero ziwiri.

Tsiku lina foni sinalire. Ndinatsegula saluni, ndinatsuka mutu woyamba, wachiwiri, foni ili chete. Ndinaitenga n'kuibwezera, kuitenganso n'kuibwezera, mpaka ndinapempha kasitomala kuti aikhalire. M'mutu mwanga ndinali nditawagoneka kale m'chipatala.

Inadzalira dzuwa litapendeka. Kumbuyo kunkamveka mphepo ndi kuseka kwa mkazi wawo.

"Mwana wanga, pepa. Tinanyamuka m'mamawa kukaona munthu wina woweta mbalame kutali uku, ndiye tinasochera, tayala linaphulika, ndasintha ndekha. Panopa tikudya malalanje m'mbali mwa msewu. Ndinaiwaliratu zoimba."

Mafunso anadzaza pakamwa panga, a mankhwala, a dzuwa, a kulemera kwa tayala. Ndinawameza onse n'kufunsa ngati malalanjewo ali okoma.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi wanu amene mumamukonda mpaka simumulola kunyamula kapu, kaya ndi kholo, mwamuna kapena mwana. Sindikuuzani kuti muchepetse chikondi, chifukwa ine changa sichinachepe ndipo mantha anga sanathe. Ndingokupemphani kuti tsiku lina mumufunse chimene akufuna, ndipo akamayankha mutseke pakamwa mpaka amalize. Ine sindinafunse, ndiye bambo anga, munthu woona mtima, anachita kubwereka mbalame ya dazi kuti apeze potulukira.

Foni ija itaduka ndinakhala pampando wa makasitomala, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Bambo anga anandiiwala tsiku lonse lathunthu, ndipo chimwalirire mayi ndinali ndisanawamvepo ali osangalala choncho.